Baji ya asilikali a zamtengatenga a ku Britain: mafunso ndi mayankho

Mwana wa achemwali anga atamaliza maphunziro a usilikali ku Britain anatumiza chithunzi pa gulu lathu la banja la pa WhatsApp. Ife tonse tinangoona nsapato zonyezimira ndi chifuwa chotukumuka, koma mayi ake anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka kabaji ka pachipewa kanadzaza foni yonse. Kenaka anandiimbira. "Achimwene, nkhwangwa ziwirizi n'zachiyani? Mwanayu anati akukayendetsa malole, sananene zokawaza nkhuni ayi." Kuyambira tsiku limenelo funso lililonse lokhudza kachitsulo kameneka limagwera ine monga malume wake. Ndawasonkhanitsa pano mafunsowo, chifukwa mabanja ambiri a kwathu ali ndi ana m'gulu lomweli.

Kodi baji imeneyi ndi ya gulu liti?

Ndi ya Royal Logistic Corps, gulu limene limanyamula ndi kugawa chilichonse chimene asilikali a pamtunda a ku Britain amafuna: chakudya, mafuta, zipolopolo, makalata, ngakhale asilikaliwo. Linakhazikitsidwa pa 5 April 1993. Mwa magulu onse a ntchito zapadera m'nkhondo ya pamtunda ya dzikolo, ili ndilo lalikulu, mwakuti anzawo amawaseka kuti zilembo za RLC zimaimira "Really Large Corps", kapena kuti chigulu chachikulu zedi. Likulu lawo lili ku Worthy Down, pafupi ndi mzinda wa Winchester, ndipo mkulu wawo waulemu ndi Princess Anne, mlongo wake wa Mfumu Charles III.

Pa bajiyo pali chiyani kwenikweni?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bajiyo ndi yaing'ono, siidzaza chikhatho, choncho muiyang'ane mosanjikiza kuyambira pansi. Pansi penipeni pali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu, ngakhale nsonga yapamwamba siioneka chifukwa pakhala chisoti chachifumu. Pamwamba pa nyenyeziyo pagona nkhata ya masamba. Kenaka nkhwangwa ziwiri zopingasana, zimene mitu yake imasuzumira kumtunda, wina kumanja wina kumanzere. Pakati pali lamba wozungulira womanga ndi chomangira chake, wolembedwa mawu a Chifalansa chakale. M'kati mwa lambayo muli kachishango kokhala ndi mizinga itatu ndi mipira itatu yachitsulo. Kumunsi kuli kansalu kopindika kolembedwa kuti "We Sustain".

Mukaitembenuza mupeza kachitsulo kolowetsa m'chipewa. Msilikali amaivala pamwamba pa diso lamanzere.

Bwanji zinthu zachuluka chonchi pa kachitsulo kamodzi?

Chifukwa bajiyi ndi pangano la nyumba zisanu zimene anazigwetsa n'kumanga imodzi. Mpikisano wa zida pakati pa mayiko a azungu ndi Soviet Union utatha, boma la Britain linayamba kuchepetsa asilikali ndi kuphatikiza magulu. Gulu lililonse linali ndi baji yake, nyimbo yake ya pa perete ndi akufa ake, ndipo panalibe lofuna kumezedwa ndi linzake. Mwamvapo mmene imavutira nkhani yogawa katundu wamasiye. Kuno kunali kobwerera m'mbuyo, aliyense kufuna kuti chake chilowe m'nyumba yatsopano.

Anagwirizana chonchi. Nyenyezi inachokera kwa oyendetsa, a Royal Corps of Transport. Kachishango ka mizinga n'ka osunga zida ndi katundu, a Royal Army Ordnance Corps. Nkhwangwa n'za ogwira ntchito zamanja, a Royal Pioneer Corps. Masamba ndi lamba zikuimira nthambi ya makalata ndi mtokoma imene inali pansi pa Royal Engineers. Mawu a kumunsi ndi a ophika, a Army Catering Corps. Ineyo sindinganame kuti ndi baji yokongola koposa. Yapanikizana ngati minibasi ya m'mawa. Koma amene anaikonza sankafuna kukongoletsa chipewa. Ankafuna kuti msilikali wachikulire amene wavula baji yake yakale pa 4 April apezemo kanthu kake m'mawa mwake.

Ngati ndi a zamtengatenga, bwanji palibe galimoto, gudumu kapena hatchi?

Funso ili ndilo limandisangalatsa koposa, chifukwa likuonetsa kusiyana kwa kaganizidwe ka mayiko awiri.

Amereka amajambula ntchito. Gulu lawo la Transportation Corps, limene linakhazikitsidwa pa 31 July 1942, lili ndi chizindikiro chosafuna womasulira: chiwongolero cha sitima yapamadzi, pamwamba pake chishango chonga zikwangwani za misewu ikuluikulu ya kwawoko, ndipo m'kati mwake gudumu lamapiko litakhala pa njanji. Madzi, msewu ndi njanji, zonse pamodzi. Mwana wa pulayimale angakuuzeni ntchito ya eni ake.

Angerezi amajambula mtundu, kunena kuti gululi linabadwa kwa yani. Nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu sinena kanthu za mayendedwe. Imangoti ife ndife adzukulu a Army Service Corps, amene ankavala nyenyezi yotere kuyambira nthawi ya Mfumukazi Victoria. Zili ngati mfunda: munthu akati ndine Phiri kapena Mwale sakukuuzani ntchito imene amagwira, akukuuzani kumene achokera.

Ndipo mzera wa makolo awo ndi wokhotakhota. Mu 1794 kunabadwa kagulu ka oyendetsa ngolo kotchedwa Royal Waggoners, kamene sikanakhalitse. Mu 1799 anayambitsanso kena, kamene kanadzatchedwa Royal Waggon Train. Aka kanayenda ndi mkulu wa nkhondo Wellington ku Portugal ndi ku Spain mpaka ku Waterloo mu 1815. Mtendere utabwera, akuluakulu anaona ngati ngolo ndi mahatchi zikungodya ndalama, ndipo mu 1833 anakathetsa. Anadzalira pa nkhondo ya ku Crimea, polimbana ndi Russia. M'nyengo yozizira ya 1854 katundu anaunjikana pa doko la Balaklava, pamene asilikali ozinga mzinda wa Sevastopol, makilomita ngati 10 okha kuchokera padokopo, ankafa ndi njala, chisanu ndi matenda. Chakudya chinalipo, chonyamulira ndicho chinasowa, ndipo msewu unali matope okhaokha. Manyazi amenewo ndiwo anabala Land Transport Corps mu 1855, imene inasanduka Military Train chaka chotsatira. Dzina la Army Service Corps linakhazikika mu 1888. Pofika 1918 gululi linali ndi anthu oposa 300,000, ndipo mfumu inaliwonjezera mawu akuti "Royal" pothokoza ntchito ya pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1965 analigawanso: za chakudya ndi mafuta zinapita kwa osunga katundu, oyendetsa nakhala Royal Corps of Transport.

Mayina onsewa anasintha, ngolo zinasanduka malole, mahatchi anapuma. Akadajambula ngolo pa baji, bwenzi lero akuoneka achikale. Nyenyezi siikalamba, ndipo mwina n'chifukwa chake inapulumuka.

Nanga mizinga itatu ndi mipira itatu ija?

Chimenechi ndi chishango cha Board of Ordnance, ofesi yakale imene inkasunga mizinga, wonga ndi mfuti za mfumu, ndipo likulu lake linali ku Tower of London. Inathetsedwa mu 1855, chifukwa cha chisokonezo cha ku Crimea chomwe chija, koma chishango chake chinatsala m'manja mwa osunga zida. Pa chithunzi cha mitundu, mizinga ndi yagolide pa malo abuluu, ndipo mipira ndi yakuda pa kamzera koyera ka pamwamba.

Yang'anitsitsani kukula kwake. Mipirayo ndi yaikulu kuposa kukamwa kwa mizingayo, siingalowe n'komwe. Asilikali akhala akuseka zimenezi kwa zaka zambiri, kuti ndi umboni woti a ku sitolo ya zida amakutumizira zipolopolo zosagwirizana ndi mfuti yako. Chifukwa chenicheni n'chosaseketsa: ojambula zishango amakulitsa chinthu kuti chidzaze malo ake ndi kuoneka patali, sasamala za muyeso.

Ofesi yomweyi ndiyo inkadinda kachizindikiro konga phazi la nkhuku pa katundu wa boma, kuti wakuba asachite kukana. Ndiyonso inayambitsa ntchito yojambula mapu a dziko la Britain, imene mpaka lero ikutchedwa Ordnance Survey.

Tibwerere ku funso la mayi ake: nkhwangwazo n'zachiyani?

Achemwali sanalakwitse kwenikweni. Kale gulu la nkhondo likamayenda, patsogolo pankapita amuna amphamvu onyamula nkhwangwa, olambula njira, kugwetsa mitengo ndi kuswa zipata za adani. Mwambo wake ukadalipo pa maperete ena: sajeni wa ntchitoyi amavala epuloni yachikopa, nkhwangwa ili paphewa, ndipo kwa zaka zambiri anali mmodzi mwa asilikali ochepa ololedwa kusunga ndevu.

Gulu la Pioneer Corps linakula pa nkhondo yachiwiri, kuyambira 1939. Iwo ndiwo ankatsitsa katundu m'sitima, kukonza misewu, kukumba maenje, kulondera nkhokwe za zida, ngakhale kuika maliro. Ambiri mwa iwo sanali Angerezi. Munali amuna ochokera ku Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland, amene lero ndi Lesotho, Botswana ndi Eswatini, ena a ku Mauritius ndi kum'mawa kwa Africa, komanso Ayuda othawa ku Germany ndi Austria. Baji yawo yakale inali yoona mtima kwambiri: mfuti, fosholo ndi piki. Nkhwangwa zopingasanazi zinabwera pa baji yawo yatsopano ya m'ma 1980.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchitoyo inatha. Gulu lomaliza, 23 Pioneer Regiment, linathetsedwa mu 2014. Nkhwangwa zatsala pachipewa, eni ake kulibe.

Mawu a pa lamba aja akuti chiyani, ndipo bwanji sali m'Chingerezi?

Akuti "Honi soit qui mal y pense", kutanthauza kuti manyazi amugwire amene akuganizira zoipa za ichi. Ndi mawu a Order of the Garter, ulemu wakale koposa umene mfumu ya ku England imapereka, umene Edward III anauyambitsa cha m'ma 1348. Nthawi imeneyo kunyumba yachifumu ankalankhula Chifalansa. Lambayo ndi kachingwe komangira sokosi m'munsi mwa bondo.

Pali nthano yotchuka yoti pa gule wina kalamba ka mayi wina wolemekezeka kanagwa pansi, anthu n'kuyamba kuseka, ndipo mfumuyo inakatola, kukamanga pa mwendo wake n'kunena mawuwo. Ndi nthano yokoma, koma inalembedwa patapita zaka zambiri, choncho muitenge ngati nthano basi. Akatswiri ena amati mawuwo ankalozera kwa otsutsa zoti Edward ali ndi ufulu wolamulira France. Mawu omwewa mungawaone pa chikuto cha pasipoti ya ku Britain. Pa baji ya msilikali amangosonyeza kuti gululi ndi la mfumu.

Masambawo ndi a mtengo wanji?

Ndi a mtengo wa laurel, umene Agiriki ndi Aroma ankalukira nkhata opambana pa masewera ndi pa nkhondo. Masamba ake ndi omwe aja ouma onunkhira amene ophika amaponya mu supu, ndipo mtengowo ndi wa banja limodzi ndi mapeyala athuwa.

Pa bajiyi akuimira anthu a makalata. Musawapeputse. Pa nkhondo yoyamba ankatumiza makalata okwana 12 miliyoni pa sabata kwa asilikali, ndipo akuluakulu a nkhondo ankadziwa kuti msilikali wosalandira uthenga wa kwawo amafooka msanga ngati wosadya.

"We Sustain" tingati chiyani m'Chichewa?

Ine ndimati "Timachirikiza". Ganizani za nthochi imene yabereka mkoko waukulu n'kuyamba kuwerama. Mwini munda amadula mphanda n'kuichirikiza. Odutsa m'njira amayamikira mkoko, mphandayo palibe amene amaiona, koma ichotseni muone.

Magulu enawo anali ndi mawu awo a Chilatini, olemera bwino. Oyendetsa ankati "Nil sine labore", palibe kanthu popanda thukuta. A nkhwangwa ankati "Labor omnia vincit", ntchito imagonjetsa zonse. Osunga zida ankati "Sua tela tonanti", kumupatsa wabingu zida zake. Onsewa anagwa, ndipo amene anapambana ndi mawu awiri osavuta a anthu a kukhitchini, gulu limene linangobadwa mu 1941 ndipo ankalinyoza kuposa onse. Ophika sanaike chithunzi chilichonse pa bajiyi, mbaula yawo yoyaka moto ya pa baji yakale inatsala, koma ndiwo akulankhulira onse. Pa zonse zimene anasankha mu 1993, ichi ndicho ndimati anakhoza, poti woyendetsa thanki ya mafuta, wosunga zipolopolo ndi wonyamula makalata onse akuchita chomwecho.

Ndaona mabaji awiri a gulu lomweli, zisoti zake n'zosiyana. Ina ndi yabodza?

Ayi, mwina zonse n'zenizeni. Mfumu iliyonse imasankha chisoti choika pa zizindikiro zake. Elizabeth II anasankha cha St Edward, chimene mapindiko ake apamwamba amalowa pansi pakatikati. Atamwalira pa 8 September 2022, Charles III anasankha chotchedwa Tudor, chozungulira bwino pamwamba ngati mphika wovundikira, chomwe agogo ake George VI ankagwiritsanso ntchito. Asilikali amene anaguba pa mwambo womuveka ufumu pa 6 May 2023 anavala mabaji atsopano, koma ena onse amasinthidwa pang'onopang'ono, akale akamatha m'sitolo. Choncho asilikali awiri a gulu limodzi angathe kuima pamzera umodzi ndi zisoti zosiyana.

Ndani amavomereza zojambulazi? Kodi pali malamulo ake?

Alipo, ndipo ndi akale. Luso limeneli Angerezi amalitcha heraldry. Linayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100, pamene ankhondo ankadziphimba ndi zitsulo mpaka kumaso, mwakuti mnzako ndi mdani unkawasiyanitsa ndi zojambula za pa chishango. Ku London kuli ofesi yotchedwa College of Arms, imene Mfumu Richard III anaikhazikitsa mu 1484, ndipo akatswiri ake amaunika zojambula za mabaji ndi mbendera za asilikali mfumu isanavomereze.

Malamulo awiri ndi okwanira kuti muyambe kuwerenga chishango chilichonse. Loyamba ndi la mitundu. Golide ndi siliva, zimene pa pepala zimakhala chikasu ndi zoyera, amazitcha zitsulo. Kufiira, buluu, kuda ndi kubiriwira ndiyo mitundu. Chitsulo sichikhala pa chitsulo chinzake, mtundu sukhala pa mtundu unzake. Chifukwa chake n'chapafupi: chinthu chakuda pa buluu sichioneka patali. Taonani kachishango ka mizinga kaja, golide pa buluu, zakuda pa zoyera. Lachiwiri ndi la mbali. Kumanja kwa chishango ndi kumanja kwa wochinyamula, osati kwa inu oyang'ana.

Yesani pa chizindikiro cha dziko lathu cha 1964, chimene chili pa ndalama ndi pa makalata a boma. Mkango ukuoneka kumanzere kwanu, koma pa malamulowa uli kumanja, mbali yaulemu. Kambuku ali mbali inayo. Pa chishango, mizera ya mafunde ikuimira nyanja, mkango wagolide uli pa zofiira, dzuwa lagolide likutuluka pa zakuda. Pamwamba pali nkhwazi, pansi phiri la Mulanje ndi mawu akuti "Unity and Freedom". Lamulo la mitundu lija lasungidwa monse. Kambukuyo ndi dzuwa zinachokera pa chizindikiro cha Nyasaland, choncho nafenso tinasunga za makolo pomanga nyumba yatsopano.

Nzeru yozindikirana ndi chishango si ya ku Ulaya kokha. Kwa Azulu, kumene Angoni anachokera, gulu lililonse la ankhondo linkanyamula zishango za zikopa za ng'ombe za mtundu wake: akuluakulu odziwa nkhondo zoyera, anyamata zakuda.

Kodi onse a m'gululi amavala zofanana?

Baji ndi imodzi, koma chipewa chimasintha malinga ndi kumene munthu akugwira ntchito. Ambiri amavala chabuluu woderako. Amene ali ndi asilikali odumpha m'ndege, monga 13 Air Assault Support Regiment ya ku Colchester, amavala chofiirira, ndipo amene anakhoza maphunziro a makomando amavala chobiriwira. Mabwana kawirikawiri amavala baji yopeta ndi ulusi m'malo mwa yachitsulo.

Osiyana ndi Agurkha a ku Nepal a mu 10 Queen's Own Gurkha Logistic Regiment. Awa ali ndi baji yawoyawo: nyenyezi ija ya oyendetsa, koma pamwamba pake mipeni yawo iwiri yokhota yotchedwa kukri.

Palinso kansalu kamodzi ka pamkono kamene kali ndi mbiri yolemera, kandege kachikasu ka mtundu wa Dakota pa nsalu yabuluu. Amavala ndi asilikali oponya katundu kuchokera m'ndege. Anapatsidwa pokumbukira nkhondo ya ku Arnhem, ku Netherlands, mu September 1944, pamene anzawo ankakankha madengu a chakudya ndi zipolopolo pakhomo la ndege zouluka motsika pakati pa moto wa mizinga ya Ajeremani. Ambiri anafera m'ndegemo, ndipo katundu wambiri anagwera m'manja mwa adani chifukwa malo oponyerawo anali atalandidwa kale.

Bwanji pa bajiyi palibe mayina a nkhondo zimene anamenya, monga pa mabaji ena?

Malo anatha. Koma gululi lili nawo mayina asanu amene linalandira kwa makolo ake: Peninsula, Waterloo, Lucknow, Taku Forts ndi Pekin. Awiri oyambawo ndi a nkhondo zolimbana ndi Napoleon. Lucknow ndi ya ku India mu 1857 ndi 1858, pamene oyendetsa ngolo anawasandutsa asilikali a pa mahatchi, ndipo awiri mwa iwo, Michael Murphy ndi Samuel Morley, analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba koposa ya kulimba mtima. Murphy anadzalandidwa yake mu 1872 atapezeka wolakwa pa mlandu woba chakudya cha mahatchi.

Ife amene tinalamulidwapo ndi atsamunda tiziwerenga mayinawa ndi maso athu. Lucknow inali nkhondo yopondereza Amwenye amene anaukira ulamuliro wa Britain. Taku Forts ndi Pekin ndi za 1860, pamene Britain ndi France ankakakamiza China kutsegula madoko ake, kuphatikizapo malonda a mankhwala ozunguza bongo a opium. Chimene wina akuchitcha ulemu, kwa wina ndi maliro.

Kodi makolo athu ali ndi gawo pa mbiri imeneyi?

Ali nalo lalikulu, ngakhale pa baji simulipeza. Liwu lomwe tikugwiritsa ntchito lakuti mtengatenga lisanakhale dzina la unduna linali dzina la munthu, wosenza katundu pamutu.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza ija, asilikali a Britain ankathamangitsana ndi Ajeremani otsogoleredwa ndi mkulu wa nkhondo von Lettow-Vorbeck kuyambira ku Karonga, kudutsa Tanganyika, kulowa Mozambique, mpaka anagonjera ku Abercorn, imene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918. Kumeneko misewu kunalibe, ndipo mahatchi, nyulu ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe. Lole ya nkhondo imeneyo inali mutu wa munthu. Ku Nyasaland kokha anthu pafupifupi 200,000 anasenza katundu, pamene asilikali onyamula mfuti anali ngati 19,000. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. Mtolo unkalemera makilogalamu ngati 25, ndipo vuto lake linali lakuti wosenzayo nayenso amadya: ulendo ukatalika, gawo lalikulu la ufa limathera m'njira kudyetsa osenza omwewo. Akachepetsa phoso, anthu ankagwa ndi kamwazi, malungo ndi chibayo. John Chilembwe anadandaula za kutengera Aafirika ku nkhondo ya eni m'kalata yake ya kumapeto kwa 1914, miyezi yochepa asanaukire mu January 1915.

Army Service Corps inalandira dzina la "Royal" mu 1918. Amtengatenga sanalandire nyenyezi, nkhata kapena mawu a Chilatini. Dzina la gulu lawo la kum'mawa kwa Africa, Carrier Corps, linatsala m'mayina a malo: Kariakoo ku Dar es Salaam ndi Kariokor ku Nairobi. Zipilala za ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam zimawatchula kuti anali mapazi ndi manja a gulu la nkhondo, koma popanda dzina la munthu ngakhale mmodzi. Mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo linati chiwerengerocho chingafike 350,000.

Nditamufotokozera zimenezi mwana wa achemwali uja anakhala chete pa foni, kenaka anati, "Ndiye kuti amalume, ntchitoyi ndi ya kwathu ndithu."

Ine si msilikali. Ndingavale bajiyi ngati chokongoletsa?

Kusunga m'nyumba kapena kusonkhanitsa mabaji akale palibe vuto, ndipo amagulitsidwa poyera. Kuvala kuti anthu akuyeseni msilikali ndiye nkhani ina. Ku Britain kuli lamulo la 1894 loletsa kuvala yunifomu ya asilikali popanda chilolezo. Kuno kwathu mukudziwa kale mmene asilikali amachenjezera za zovala zamawangamawanga za pa kaunjika. Isungeni m'kabati.

Ndapeza baji yakale m'sutikesi ya agogo. Ndingadziwe bwanji kuti ndi ya gulu liti?

Choyamba musaikweche ndi mchenga kapena phulusa ngati mphika. Ipukuteni ndi kansalu kofewa basi. Mukaikwecha mufafaniza tizilembo timene tikanakuuzani zambiri.

Yambani ndi chisoti. Chozungulira pamwamba, pa baji yakale, ndi cha pakati pa 1902 ndi 1952. Cholowa pansi pakati ndi cha nthawi ya Elizabeth II. Kenaka onani pakati. Ngati pali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu ndi zilembo zolukanalukana za ASC, ndi ya onyamula katundu isanafike 1918. Ngati pakatipo pali chilembo cha G ndi R, ndi ya nthawi ya George V kapena George VI, ndipo kanambala ka Chiroma kali pakati pa zilembozo kakuuzani kuti ndi uti. Ngati mukuona lipenga lopachikidwa ndi zingwe, imeneyo si ya zamtengatenga, ndi ya King's African Rifles, gulu la 1902 limene Amalawi ambiri analowa, lija chipilala chake chili ku Zomba. Kulemera kwake nakonso kumanena: yamkuwa yolemera ndi yakale, ya masiku amene msilikali ankakhalira kupukuta ndi polishi usiku uliwonse, pamene yopepuka yonyezimira yokha ndi ya aluminiyamu, imene inayamba m'ma 1950.

Ngati m'sutikesimo mulinso mamendulo, yang'anani m'mphepete mwake kapena kumbuyo. A nkhondo yoyamba ankadindapo nambala, dzina ndi gulu la mwini wake, ndipo nambala imeneyo ndiyo mungayambire pofufuza ku National Archives ku Zomba kapena ku Kew, ku London. A nkhondo yachiwiri ambiri anaperekedwa opanda dzina, choncho pamenepo mudalire kabuku ka malipiro kapena kalata yomutulutsa usilikali, ngati chiswe chinaisiya.